Kuwira ndi Kusasa: Aneni Awiri, Zamoyo Ziwiri Mumbiya Imodzi

Madzi amawira akakhala pamoto. Mowa umawira moto utazima kalekale. Wofulula mowa akavundukula mbiya m'mamawa amaipeza yozizira kunja, pansi pake palibe nkhuni, koma pamwamba pa mowawo pali thovu lomwe likukwera ndi kuphulika lokha. Apo amati, "Wayamba kuwira." Akatapako pang'ono nkumva kuwawasa m'masaya, amatenga mneni wina: "Wasasa." Aneni awiriwa timawatchula osawaganizira, komatu aliyense akuloza ntchito ya chamoyo chakechake. Chowiritsa ndi yisiti. Chosasitsa ndi mabakiteriya. Ziwirizi zimakhala mumbiya imodzi, zimadya chakudya chimodzi, ndipo chilichonse chimasintha moyo wa chinzake. Wofuna kumvetsa mmene zimakhalirana sasowa poyambira. Mizu ya mawu athu, pamodzi ndi timphatikiri tiwiri ta m'galamala, -its- ndi -an-, ikhoza kumutsogolera mpaka kumapeto.

Kuwira

Muzu wa mneniyu ndi -wir-, ndipo sunena za moto ayi. Umanena za zimene diso likuona ndi khutu likumva: madzi osakhazikika, thovu lochoka pansi kupita pamwamba. Nchifukwa chake makolo sanalakwitse pogwiritsa ntchito mawu amodzi pa mphika wa pamafuwa ndi pa mbiya ya kuseri kwa nyumba. Kusiyana kuli pa chimene chili m'thovumo. Mumphika ndi nthunzi ya madzi. Mumbiya ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, umene yisiti amatulutsa akamaphwanya shuga. Pa magalamu 100 a shuga amene yisiti waphwanya, pafupifupi theka limasanduka ethanol, chinthu choledzeretsa chija, ndipo theka linalo limathawa ngati mpweya. Mpweya womwewu ndi umene umakodwa mu ufa wa tirigu wokanda nkutupitsa mandasi ndi buledi.

Si ife tokha amene tinaona kuwira kopanda moto nkukupatsa dzina la kuwira kwa pamoto. Mawu oti yisiti tinawatenga ku Chingerezi, ndipo kumeneko amachokera ku tsinde lakalekale lotanthauza kuwira ndi kuchita thovu. Achilatini ankati fermentum, kuchokera ku mneni fervere, ndiye kuwira komweko. Anthu otalikirana, osadziwana, anayang'ana mumbiya zawo nkutchula chinthu chimodzi, popeza palibe amene ankatha kuona chowiritsacho. Onse anatchula ntchito, mwini ntchito asakumudziwa.

Kusasa

Mneni wachiwiri ndi wozama kuposa mmene amaonekera. Tili ndi mawu oti kuwawasa, tilinso ndi oti kusasa, ndipo sitiwasokoneza. Mandimu, bwemba ndi malambe amawawasa chibadwire, koma palibe amene amanena kuti mandimu asasa. Chimasasa ndi chimene poyamba sichinali chowawasa: mkaka, phala, thobwa, mowa. Kuwawasa ndi kakomedwe, kusasa ndi kusintha. Ngakhale mawu a munthu amene wakuwa tsiku lonse timati asasa, kutanthauza kuti achoka pamene anali. Choncho m'muzu -sas- muli kale nthawi, muli kale ntchito imene yachitika mwakachetechete.

Ntchitoyo ndi ya mabakiteriya amene amadya shuga nkutulutsa asidi. Asidi wake ndi yemwe amapezeka mu chambiko, ndipo gulu lodziwika kwambiri la mabakiteriyawa linapatsidwa dzina loti Lactobacillus, kuchokera ku mawu awiri Achilatini, lac, mkaka, ndi bacillus, kandodo. Koma tindodo ta mumkakati sitikhala mumkaka mokha. Mayi akanyika mphale kwa masiku angapo kuti apeze ufa woyera, fungo limene limatuluka mumtsuko ndi la ntchito ya mabakiteriyawa. Madzi amene amawatsanula pambuyo pake, matsukwa, ali ndi dzina lochokera ku kutsuka, koma kuwawasa kwawo kukusonyeza kuti mphale ija sinangotsukidwa. Yasasanso.

Mphatikiri -its-: wachititsa ndani?

Aneni onse awiri amayenda okha, opanda wochititsa. Timati mowa wawira, mkaka wasasa, ufa watupa, ngati kuti zinthuzo zadzichitira. Koma Chichewa chili ndi msintho wochititsa, -its- kapena -ets-, umene umalowetsa wina m'nkhani: kuwiritsa, kusasitsa, kutupitsa, kufufumitsa. Ukangophatikiza kamphatikiri aka, funso limabadwa lokha: watupitsa ndani? Omasulira Baibulo atafuna dzina la kanthu kothira mu mkate anatenga njira yomweyi, nkugwiritsa ntchito mawu oti chotupitsa: cho-, chinthu chimene, -tup-, kukula ndi kufufuma, -its-, kuchititsa. Afalansa nawo amati levure, kuchokera ku mneni wotanthauza kukweza. Dzinali ndi loona, koma likadali lofotokoza ntchito. Soda nayenso ndi chotupitsa chikhalirecho alibe moyo.

Pa mowa ndi thobwa, anthu ambiri akafunsidwa chochititsa amaloza chimera. Dzinali ndi losavuta kulimasula: chi- ndi -mera, tsinde lomwe latipatsanso mmera ndi zomera. Mawere, mapira kapena chimanga amazinyika, amazifunditsa mpaka zitatulutsa timizu ndi tinsonga, kenako amaziyanika nkuzipera. Njere ikamamera imapanga maenzaimu oduladula sitachi kuti asanduke shuga wodyetsa kammera. Wofulula amaimitsa kumerako pakatikati kuti maenzaimuwo amugwirire ntchito iye. Akathira chimera m'phala lofunda, phala lolimba lija limasungunuka nkuyamba kutsekemera. Akathira phala likadali lotentha kwambiri, maenzaimu amawonongeka, nchifukwa chake amayamba walidikira lizizireko. Komabe chimera sichiwiritsa ndipo sichisasitsa. Chimakonza chakudya cha amene adzawiritse ndi kusasitsa, ndipo ambiri a iwo amabwera atakangamira pa makoko a chimeracho, m'manja, pa mthiko ndi m'timing'alu ta mbiya.

Amene anayamba kuwaona anali wogulitsa nsalu wa ku Delft, ku Netherlands, Antonie van Leeuwenhoek, yemwe ankadzipangira yekha magalasi okulitsa zinthu. Mu 1676 analemba za tinthu tamoyo tosambira m'madzi, tomwe anatitcha tinyama, ndipo mu 1680 anaona timibulu ta yisiti mu mowa. Mayina anabwera pambuyo. Mu 1828 Christian Gottfried Ehrenberg wa ku Germany anatenga mawu Achigiriki oti bakterion, kandodo, chifukwa cha maonekedwe a tina mwa tinthuti, ndipo m'menemo ndi m'mene mwachokera mabakiteriya athuwa. Yisiti wa mowa ndi buledi anatchedwa Saccharomyces cerevisiae, ndiko kuti bowa wa shuga wa mu mowa. Dzinali likunena zoona, pakuti yisiti ndi mbale wake wa bowa ndi chuku, kungoti thupi lake lonse ndi selo imodzi. Ukagawa milimita imodzi m'zigawo 1,000, yisiti amatenga zigawo 5 mpaka 10, pamene bakiteriya wosasitsa m'mimba mwake ndi chigawo chimodzi kapena kucheperapo. Yisiti amaswana pophukira kamwana m'mbali, bakiteriya amangogawika pakati.

Amene anagwirizanitsa aneni awiri aja ndi zamoyo ziwirizi anali Louis Pasteur. Mu 1856, ali mumzinda wa Lille ku France, anapemphedwa kufufuza chifukwa chimene madzi a shuga a mbewu ya beet, omwe amayenera kusanduka mowa m'fakitale, ankasasira. M'migolo yowira bwino anapezamo timibulu ta yisiti tambirimbiri. M'migolo yosasa anapezamo tinthu tina ting'onoting'ono kwambiri. Mu 1857 anasindikiza zimene anapeza, ndipo mfundo yake inali yoti kuwira kwa mtundu uliwonse kuli ndi chamoyo chake. Chimene Pasteur anachitsimikizira ndi galasi ndi mpata womwe uja umene chinenero chathu chinasiya pakati pa kuwira ndi kusasa.

Atadziwa zimenezi, ofulula mowa a ku Ulaya anasankha kulekanitsa ziwirizi. Mu 1883 Emil Christian Hansen, wa mu labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, anakwanitsa kulera yisiti wa mtundu umodzi payekha, wopanda mnzake aliyense. Maluwa a hops, omwe amapatsa mowa wa m'botolo kuwawa kwake, amathandizanso kutsekereza mabakiteriya osasitsa. Njira imeneyi inafika ku Blantyre mu 1968, pamene Carlsberg anatsegula fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark. Mowa wa masese unatsata njira ina. Kwa ofulula mowawu kusasa si ngozi, ndi gawo la kaphikidwe. M'mafakitale ena a mowa wa mapira kummwera kwa Africa kuno, phala amalisunga dala pa madigiri pafupifupi 50 kuti mabakiteriya okonda kutentha alisasitse kaye, kenako nkuliphika, nkuthira chimera china, nkumalizira ndi yisiti. Ndiye funso limasintha. Silikhalanso loti wachititsa ndani, koma loti awiriwa amachitirana chiyani.

Mphatikiri -an-: kupatsana

Pamene zinenero zina zimafuna mawu awiri kapena atatu kuti zinene kuti uyu akuchitira uyo ndipo uyo akuchitira uyu, ife timangoika -an- kumapeto kwa muzu: kupatsa, kupatsana, kudalira, kudalirana, kulanda, kulandana. Asayansi anachita kupeka mawu pa nkhani imeneyi. Mu 1879 Anton de Bary anafalitsa mawu oti symbiosis, kuchokera ku Chigiriki, kutanthauza kukhalira limodzi kwa zamoyo zosiyana. Iye sanatanthauze ubwenzi wokha, koma kukhalira limodzi kwa mtundu uliwonse, kokoma ndi kowawa komwe. Msintho wochitirana nawo uli chimodzimodzi: kukondana ndi kumenyana zonse zili ndi -an-. Mlimi wodzala chimanga ndi nyemba pa mzere umodzi amadziwa kuti mbewu ziwirizo zimapindulitsana, komanso zimalandana chinyezi mvula ikachepa. Mumbiya mulinso zonse ziwiri.

Tiyambe ndi zimene yisiti amapereka. Mabakiteriya osasitsa satha kudzipangira zinthu zambiri zofunika pa moyo wawo, makamaka ena mwa maamino asidi, omwe ndi tizidutswa tomangira mapuloteni, komanso mavitamini a gulu la B. Yisiti amadzipangira zambiri mwa izi, ndipo zina zimatayikira kunja kwa selo yake. Akafa nkuphwanyika, zam'kati mwake zonse zimakhala chakudya cha anzakewo. Mu 2017 akatswiri a mu labotale ya EMBL mumzinda wa Heidelberg anasindikiza kafukufuku wofufuza zimenezi bwinobwino. Anatenga mitundu iwiri ya mabakiteriya, Lactobacillus plantarum ndi Lactococcus lactis, nkuiika m'chakudya chimene siyikanatha kukuliramo payokha. Itaikidwa pamodzi ndi yisiti, inakula. Anapeza kuti yisiti akakhala pamalo pochuluka nayitrojeni amataya maamino asidi otsala, ndipo zotayazo ndi zimene zinasunga moyo wa mabakiteriya. Kuwonjezera apo, yisiti amamaliza okosijeni wa m'madzi nkudzaza malo ndi kaboni dayokisaidi, ndipo mabakiteriyawa amakula bwino pamalo otero.

Nawo mabakiteriya sabwera chimanjamanja. Mphatso yawo yoyamba ndi asidi yemweyo. Phala likasasa, mabakiteriya ena ambiri oola ndi odwalitsa amalephera kuswana, koma yisiti amapirira kuwawasa, choncho amatsala pamalo opanda opikisana naye ambiri. Mphatso yachiwiri ndi shuga wodulidwa kale. Yisiti wa mowa satha kudya shuga wa mumkaka. Akatswiri a ku Heidelberg aja atapereka shuga wa mumkaka yekha, Lactococcus lactis anamudula pawiri, yisiti nkudyako zidutswazo, kwinaku akubweza maamino asidi. Aliyense anakhala ndi moyo chifukwa cha mnzake. Apa mneni woyenera ndi kudalirana.

Kudalirana kotere kunadziwika kale mu buledi wosasa wa ku San Francisco. Mu 1971 Leo Kline ndi Frank Sugihara anafotokoza za bakiteriya wa mu ufa wotupitsira buledi ameneyu, yemwe pambuyo pake anapatsidwa dzina la mzindawo. Bakiteriyayu amadya shuga wa mtundu wa maltose, pamene yisiti wokhala naye satha kumudya. Motero salandana mbale, ndipo bakiteriya akamaphwanya maltose amatayako gulukosi amene yisiti amatola. Mu ufa wotere mabakiteriya amachuluka kuposa yisiti pafupifupi ka 100, koma awiriwa amakhalirana zaka zambirimbiri malinga wophika azingowonjezera ufa ndi madzi. Ku mapiri a Caucasus kunachokera kefir, mkaka wosasa umene mabakiteriya ndi yisiti ake amakhala pamodzi m'timibulu toyera tomangidwa ndi mabakiteriyawo. Kufupi ndi kwathu kuno, ofufuza togwa wa ku Tanzania, chakumwa chofanana ndi thobwa, anapezamo gulu lomwelo la mabakiteriya osasitsa likukhala ndi mitundu ingapo ya yisiti. Wofulula amene amakonda mbiya yakale kuposa yatsopano, kapena amene amatapako pang'ono wa dzulo nkuthira mu wa lero, akusamutsa mudzi wathunthu wa zamoyo zozolowerana kale.

Kulimbana

Mneni uyu ndi kulimba kophatikiza ndi -an-: aliyense kuonetsa kulimba kwake pa mnzake. Mumbiya, chinthu choyamba cholimbirana ndi shuga. Shuga amene bakiteriya wamusandutsa asidi sangasandukenso mowa. Ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, ethanol wakhala akupangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira mu 1982, ndipo mafakitale a mtundu umenewu padziko lonse amaona mabakiteriya osasitsa ngati mdani wamkulu, chifukwa amadya shuga amene anayenera kukhala mafuta a galimoto. Chimene chili dalitso mu thobwa chimakhala chitayiko m'thanki ya fakitale.

Aliyense alinso ndi chida chake. Cha yisiti ndi ethanol, amene akachuluka amafooketsa ndi kupha mabakiteriya ambiri. Yisiti mwiniwake amapirira mpaka mowa utafika pafupifupi 14 kapena 15 pa 100, kenako nayenso amaima. Kachasu, dzina lochokera ku mawu Achipwitikizi oti cachaça, amapyola pamenepo chifukwa chotchezedwa pamoto, osati chifukwa cha yisiti. Chida cha mabakiteriya ndi asidi. Yisiti amapirira ndithu, koma asidi akanyanya, makamaka wa mtundu wa viniga, amalowa m'selo ya yisiti nkuikakamiza kuwononga mphamvu zake pomutulutsa, mpaka kuwira kumachedwa kapena kulekeratu shuga akadalipo.

Palinso nkhondo ina yochenjera kwambiri. Mwachibadwa, yisiti akapeza gulukosi amasiya zakudya zina zonse nkulimbikira kumusandutsa ethanol mwachangu. Mu 2014 gulu la Susan Lindquist ndi Daniel Jarosz ku Whitehead Institute, ku America, linaonetsa kuti mabakiteriya ena amatulutsa chinthu chimene chimasintha khalidwe limeneli. Yisiti wokhudzidwa amayamba kudya mitundu yosiyanasiyana ya chakudya ndipo amapanga ethanol wochepa, zimene zimapatsa mabakiteriya mpata wokhala ndi moyo. Chodabwitsa nchakuti kusinthaku kumapitirira kwa ana ndi zidzukulu za yisitiyo. Mu 2016 kunapezeka kuti asidi wa mkaka wosasa yemwe uja ndi mmodzi mwa oyambitsa kusinthaku. Choncho kusasa sikungokhala pambali pa kuwira. Kumatha kulamula kuwira kuti kuchepe.

Wopambana amasankhidwa ndi kutentha, nthawi ndi mpweya, ndipo zitatu zonsezi zili m'manja mwa wofulula. Yisiti amagwira bwino ntchito pa madigiri 25 mpaka 30, pamene mabakiteriya ambiri osasitsa amathamanga kwambiri kukatentha kuposa apo. Nchifukwa chake thobwa la mu Okutobala limasasa msanga kuposa la mu Juni. Kawirikawiri mabakiteriya ndi amene amatsogola, popeza amaswana mwachangu, ndipo yisiti amatenga malo pambuyo. Mayi akawiritsanso thobwa m'mawa mwake, amapha onse awiri kuti lisapitirire kusanduka mowa. Akafuna mowa amalisiya, nkuwonjezera chimera. Ndipo akanena kuti mowa wapsa, akugwiritsa ntchito mneni wa chipatso ndi wa ndiwo, wosonyeza nthawi yochepa imene chinthu chafika pake penipeni. Kupsa kwa mowa ndi pamene kuwira ndi kusasa zalingana mphamvu. Mowa wa masese suima pamenepo chifukwa ndi wamoyo, nchifukwa chake paketi ya Chibuku imakhala ndi kabowo kotulutsira mpweya.

Kusasa kwachiwiri, ndi kuola

Pali malo amodzi pamene mneni wathu amafunda zinthu ziwiri ndi nsalu imodzi. Mowa ukagonera masiku mbiya ili yosavundikira, timanenanso kuti wasasa, koma kusasa kumeneku nkwina. Kukuchitidwa ndi gulu lachitatu, mabakiteriya a mtundu wa Acetobacter, amene amafuna okosijeni ndipo chakudya chawo ndi ethanol amene yisiti wapanga. Zotsatira zake ndi viniga, dzina lochokera ku Chifalansa vin aigre, ndiye kuti vinyo wosasa. Kusasa koyamba kumateteza mowa, kwachiwiri kumaumaliza. Komabe ngakhale awa ali ndi malo awo. Alimi a koko ku Ghana ndi ku Côte d'Ivoire amaunjika njere pa masamba a nthochi kwa masiku angapo: yisiti amayamba, osasitsa amatsatira, ndipo a viniga amamalizira mulu ukatembenuzidwa kuti mpweya ulowe. Kutentha kumafika madigiri 45 mpaka 50, ndipo fungo la chokoleti limayambira pamenepo.

Mneni amene sitiyenera kumusokoneza ndi awiri aja ndi kuola, kapena kuvunda. Chosasa timamwa, choola timataya. Malire akewo asayansi amawayeza pa sikelo ya pH, yoyezera asidi: chakudya chikatsika kufika pansi pa 4.5, mabakiteriya ambiri oyambitsa kutsegula m'mimba salinso ndi mphamvu yoswana. Pa chifukwa chimenechi, mu 1995 mabungwe a FAO ndi WHO anachititsa msonkhano ku Pretoria wokambirana za kusasitsa chakudya ngati njira yochitetezera pakhomo pomwe palibe filiji. Koma chitetezochi chili ndi polekezera. Asidi sachotsa poizoni wa chuku. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2011 anapeza poizoni wa aflatoxin mu chimera cha mapira ndi mu mowa wamasese m'chigawo cha kummwera kwa Malawi. Chimera chofunditsidwa nthawi yaitali kapena choyanikidwa mosauma bwino chimachita chuku, ndipo poizoniyo amalowa mu thobwa limene ana amamwa.

Tizilombo kapena tizamoyo?

Dzina limene timapatsa zamoyo zonsezi pamodzi ndi loyenera kuliunika. Chilombo ndi nyama yolusa ya kutchire, yoopedwa. Tikaikapo ka- timapeza kachilombo, ndipo zikachuluka ndi ti-zi-lombo. Mphatikiri wachepetsa thupi, koma kuopsa kwa tsinde kwatsala. Dzinali linafalikira kwambiri kudzera m'mauthenga a zaumoyo, ndipo pa kolera kapena chifuwa chachikulu likuyenera. Vuto ndi loti mwana wa sukulu akamva kuti mu chambiko muli tizilombo, amamva kuti chambiko nchodetsedwa. Mawu oti tizamoyo, ti-za-moyo, alibe mlandu umenewu. Amangonena kuti ndi tating'ono ndipo tili ndi moyo, nkusiya mpata woti tifunse ngati tili tothandiza kapena toononga.

Nkhani ya dzina imeneyi imafika mpaka m'thupi mwathu, momwe yisiti ndi mabakiteriya amakhaliranso limodzi. Yisiti wotchedwa Candida albicans, mawu awiri Achilatini onena za kuyera, amapezeka mkamwa, m'matumbo ndi kumalo obisika kwa anthu ambiri athanzi, osawavutitsa. Chimodzi mwa zimene zimamuletsa kuchuluka ndi mabakiteriya okhala naye, amene amamulanda malo ndi chakudya. Mu 1889 Paul Vuillemin anapeka mawu oti antibiosis, kulimbana kwa chamoyo ndi chamoyo, ndipo m'menemo munachokera dzina la maantibayotiki. Mankhwalawa amapha mabakiteriya koma sakhudza yisiti. Munthu akamwa makapisozi, othandiza amafera limodzi ndi odwalitsa, Candida nkupeza malo. Nchifukwa chake ena akangomaliza mankhwala amayamba zoyera mkamwa kapena kuyabwa kumalo obisika. Maantibayotiki apulumutsa miyoyo yosawerengeka ndipo dokotala akalemba ayenera kumwedwa monga walangizira. Chowopsa ndi kuwagula pa msika chifukwa cha chimfine, poganiza kuti chilichonse chosaoneka ndi maso ndi chilombo.

Aphunzitsi a sayansi, musayambe phunziro la yisiti ndi mabakiteriya ndi mayina Achilatini. Yambani ndi kufunsa ana kusiyana kwa kuwira, kusasa ndi kuola, chifukwa amakudziwa kale, ndipo mukatero muwafunse kuti wachititsa ndani, nanga ochititsawo amachitirana chiyani. Olemba mauthenga a zaumoyo, sungani mawu oti tizilombo pa zodwalitsa zokha, zotsalazo muzitche tizamoyo. Ndipo inu ophika thobwa pakhomo, umitsani chimera chanu bwinobwino, tayani chimene chachita chuku, gwiritsani ntchito madzi aukhondo, ndipo vundikirani mbiya.